Ankati Ndikufuna Habiba

1

Mukafika ku Nkaya n'kufunsa achikulire chifukwa chimene Lucius telala sanakwatirire, sachedwa kuyankha. Adzakuuzani kuti anapwetekedwa mtima ndi mtsikana wa Chiyao, Habiba, amene anamusiya n'kukwatiwa ndi mkulu wake. Nkhani imeneyi yayenda zaka zambiri ndipo sindinaitsutsepo. Lucius ndine. Lero tsitsi layera, ambiri amene akanavulala ndi zoona anagona kale, ndiye ndati ndikuuzeni momwe zinakhalira.

Chinali chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, 1968. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndikubwereza Sitandade 8 cha ku Utale. Bambo anali atamwalira. Pakhomo tinatsala atatu: amayi anga a Sabina, ine, ndi achimwene anga a Japhet. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo wopanda khadi lake sankalowa mumsika. A Japhet ndiwo ankatsogolera anyamata ofunsa makadiwo kudera kwathu. Akavala malaya awo ofiira, madoda a imvi ankatsika panjinga powapatsa moni. Ngakhale amayi, amene anawabereka, ankawalankhula motsitsa mawu.

Nthawi yomweyo anayamba kumanga njanji yatsopano yochokera pa Nkaya kulowera ku Liwonde. Anthu aganyu anadzaza, misasa mbwee m'mbali mwa siteshoni. Amayi ankakazinga zitumbuwa, ine ndikaweruka kusukulu n'kusenza beseni kukagulitsa kumeneko.

Tsiku lina anandiimitsa mnyamata wamtali, atavala kofiya yoyera imene fumbi linali litaifiiritsa.

"Achimwene, zitumbuwazi mwakazingira mafuta anji?"

"A mtedza."

"Osati a nkhumba?"

"Nkhumbayo tiipeza kuti? Mukandiona miyendo yangayi ndikuoneka ngati wodya nkhumba?"

Anayang'ana miyendo yanga yoondayo n'kuseka mpaka anagwira m'mimba. Anali ndi mpata pakati pa mano. Anatenga chitumbuwa chimodzi, n'kudya ataima pomwepo, akundiyang'ana ngati tinadziwana kale. Pobwerera kunyumba ndinapezeka ndikumwetulira ndekha m'njira. Amayi anandifunsa ngati ndatola kanthu.

2

Dzina lake linali Sadiki, wa kwa Mposa ku Machinga, wamkulu kwa ine ndi chaka chimodzi. Bambo ake, Che Usumani, anali msodzi. Madzi atathawa, mabwato n'kutsala pamatope ong'aluka, anatenga ana awo awiri kudzafuna ganyu ya njanji. Mayi wa anawo anali atamwalira kale. Sadiki ankasenza miyala yothira pansi pa njanji, pamene mlongo wake Habiba, amene anali wamkulu pang'ono kwa iye, ankaphika ndi kutunga madzi pamsasa pawo.

Sadiki ankasowa madzi monga mwana amasowera amake. Anayenda m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi mpaka anapeza dziwe limene silinkauma, pansi pa mkuyu waukulu, kutali ndi minda. Lamlungu lililonse ndikatuluka m'tchalitchi ndinkathamangira kumeneko. Anandiphunzitsa kusambira. Anandiphunzitsa kugwira milamba ndi manja m'matope osabayidwa ndi minga yake. Ankandiuza za kwawo, kumene asodzi amagona pa tinyumba ta bango toyandama, miyezi kutha osaponda dothi. Ine ndinkati akunama, iye n'kulumbira, kenako n'kundikankhira m'madzi.

Poyamba ndinkadziuza kuti ndapeza mnzanga, basi. Koma anzanga ndinali nawo ambiri, ndipo palibe amene akandiitana dzina ndinkaiwala chimene ndimanena. Kusukulu anyamata ankakamba za atsikana, ine ndinkangoseka nawo kuti asandidabwe. M'tchalitchi ndinkagwada mpaka maondo kuwawa, kupempha Mulungu andichotsere chinthu chimene ndi dzina lake lomwe sindinkalidziwa. Ndikadzuka pamenepo, miyendo inkandipititsa ku Rivirivi komweko.

Masana ena tinakhala pamwala tikuotha dzuwa. Sadiki ankaswa kamtengo ndi zala.

"Lucius, madzi akabwerera kwathu ndidzapita."

"Ndikudziwa."

"Baba akamaswali amapempha kuti nyanja idzaze. Ine nditagwada pambali pawo ndimapempha kuti mvula ichedwe. Ndine mwana wanji ine?"

Ndinayang'ana m'madzi.

"Tsiku limene sunabwere ndi beseni lako lija, miyala imalemera kawiri," anatero.

"Inenso," ndinayankha. "Ndikakuona ndimachita mantha. Ndikapanda kukuona ndimadwala. Sindikudziwa kuti n'chiyani."

"Ine ndikudziwa. Ndimakukonda, Lucius. Osati ngati mnzanga. Ngati wakwiya undimenye, koma ndanena."

Sindinamumenye. Ndinatsamira mutu paphewa pake n'kuyamba kulira, osadziwa ngati ndikulira chimwemwe kapena mantha. Iye anandipsompsona pamphumi. Tinakhala choncho mpaka mthunzi wa mkuyu unawoloka mtsinje.

3

Miyezi yotsatira ndi imene ndimaikumbukira ndikafuna kukhulupirira kuti nanenso ndinakhalapo munthu wosangalala. Beseni likatha sindinkalunjika kwathu. Ndinkadzera pamsasa pa Che Usumani, kuwathandiza kuwaza nkhuni, kumvetsera nkhani zawo za ng'ona ndi mphepo ya panyanja. Iwo ankanditcha mwana wawo wa ku tchalitchi.

Koma pa Nkaya ndi pamalo pang'ono. Amayi a pachitsime anayamba kunong'onezana, ndipo posachedwa nkhani inafika kwathu.

"Iwe Lucius," amayi anandifunsa tsiku lina tikutong'ola chimanga, "akuti ukufuna mtsikana wa Chisilamu uja. N'zoona?"

"Iyayi, amayi."

"Nanga kumsasa kuja unataya chiyani chimene suchipeza?"

A Japhet anali pakhonde akupukuta nsapato. Anaseka osatukula mutu.

"Kamwana ka sukulu ngati iwe, mkazi ngati uja ungamuthe? Ameneyo ndi wa amuna."

Ndinali nditamvapo kuti iwo anamuimitsa Habiba pamsika kangapo, iye n'kuwayankha mwaulemu kuti kwawo salola kukwatiwa kunja kwa chipembedzo. Sindinaziike kumtima. Achimwene ankaimitsa atsikana ambiri.

Lachisanu lina ndinapeza Habiba ali yekha pamsasa akupeta mpunga, amuna atapita kukaswali.

"A Lucius, mwamva zimene akunena za ife?"

"Ndamva. Pepani kwambiri. Ndiwauza onse kuti ndi bodza."

"Musawauze." Anapitiriza kupeta, maso ali m'lichero. "Mukawauza kuti simubwerera ine, adzafunsa kuti mumabwerera ndani."

Ndinauma thupi lonse.

"Sadiki ndinamulera ndine amayi atamwalira," anatero. "Chichokereni kwathu sanasekepo mpaka mutabwera inu. Zimenezi sindikuzimvetsa, ndipo sindikufunsani. Dzina langa alinene, silitha. Koma chenjerani, kuno kuli maso."

Ndinachoka pamenepo ndikumuona Habiba ngati mngelo. Ndikufuna mukumbukire zimenezi, kuti mumvetse momwe zotsatirazi zinandipwetekera.

4

Mvula yoyamba itagwa, Lamlungu lina ndinadikira padziwe mpaka dzuwa kupendeka. Sadiki sanabwere. Lolemba sanaoneke pantchito. Pamsasa Che Usumani anangondiuza kuti mwana wawo wapenga, wakalembetsa ntchito ya kumigodi ku Joni osafunsa munthu. Masiku angapo ndinamusaka osamupeza, ngati ankandizemba.

Ndinamuona m'mawa wa tsiku lonyamuka, pasiteshoni, ataima pagulu la amuna odikira sitima, kamtolo kali m'khwapa. Ndinaponya beseni pansi n'kuthamanga.

"Sadiki! Ukupitadi?"

Sanandiyang'ane. "Ndikupita."

"Osandiuza ine?"

"Ndikuuze kuti ndiwe ndani wanga?" Anakweza mawu mpaka anthu anacheuka.

Ndinamuyandikira n'kunong'ona. "Nanga zija unanena kumtsinje?"

"Zachibwana zija? Ndinkangotaya nthawi, kuno kunalibe chochita. Pita kusukulu, mwana iwe. Usadzandifunefune."

Amuna ena anaseka, poganiza kuti ndikulirira mnzanga wosewera naye. Ndinayang'ana nkhope yake kufuna kupezapo munthu amene ndinkamudziwa, koma inali ngati chitseko chotseka. Chapatali panaima Habiba atafunda mpango kumutu, osalira. A Japhet analinso pomwepo pantchito yawo yofunsa makadi. Anabwera n'kundigwira pakhosi la malaya.

"Tola zitumbuwa zako uzipita. Ukundichititsa manyazi."

Sitima inafika, inanyamula anthu ake, inapita. Sadiki sanasuzumire pawindo.

Ndinadwala. Amayi ankati ndi malungo, anandiphikira masamba owawa, koma thupi silinkatentha. Ndinkangogona chopenya kukhoma. Mayeso anafika, ndinakhala pa desiki n'kulemba dzina langa lokha.

5

Mwezi usanathe, a Japhet analengeza kuti akukwatira Habiba.

Che Usumani anabwera kwathu akuthamanga, opanda ndi nsapato zomwe. Anapeza mwana wawo atakhala kale pamphasa pafupi ndi amayi. Sanalankhule n'komwe ndi achimwene, ankawaopa monga aliyense. Analunjika kwa Habiba.

"Mwanangu, akukukakamiza? Nena pano, ndife ndife basi."

"Iyayi, baba. Ndasankha ndekha."

"Mchimwene wako wandithawa, nawenso ukundisiya? Ukalowa m'nyumba imeneyi ndilibe mwana wamkazi."

"Ndamva, baba."

Mkuluyo anaima kanthawi. Kenako anatembenuka. Sabata yomweyo anapasula msasa n'kubwerera kwa Mposa yekha, poti kunkamveka kuti madzi ayamba kubwerera.

Anthu pa Nkaya anandiseka kuti mkulu wanga wandilanda mkazi. Ena ankandimvera chisoni. Ine mumtima ndinali nditamaliza kale mlandu. Amene ankadziwa za ife anali Habiba yekha. Ndinati iye ndiye anamutembenuza mtima Sadiki, kuti manyazi athu asamuonongere ukwati ndi munthu woopedwa. Tsiku lina anandibweretsera chakudya, tili awiri, ndinamufunsa.

"Munamuuza chiyani?"

"Ndinamuuza kuti apite."

"Chifukwa?"

"Idyani, alamu, chikuzizira."

Ndinakankha mbaleyo ndi phazi. Pasanathe nthawi ndinachoka pakhomo n'kupita ku Balaka, kumene telala wina wapakhonde la sitolo anandiphunzitsa kusoka. Ndinakhazikika komweko. Kwathu ndinkangofikako pamaliro ndi pa Khirisimasi, ndipo moni wanga kwa Habiba unali wa mawu awiri. Ndinkaona kuti akuonda. Nthawi zina ndinkamupeza diso litatupa, poti achimwene anali atalowerera kachasu. Anabereka ana atatu. Kwawo sikunkabwera munthu, ngakhale uthenga. Ndinkaziona zonsezi n'kumati wakolola zimene anafuna.

Amayi anamwalira akundidandaulirabe kuti ndikwatire. "Atsikana atha padziko, kuti uzingolirira mlamu wako?" Ndinkangowayankha kuti ndikuganizabe. Ndinayesapo kucheza ndi mtsikana wina wa m'kwaya, munthu wabwino, koma ndinaona kuti ndimunamiza moyo wake wonse, ndinamusiya. Sadiki ndinkamukwiyira m'mawa, madzulo n'kumamusowa. Sitima ya kummwera ikaima pa Balaka, mapazi ankasiya okha kupalasa makina mpaka otsika onse atadutsa.

6

Zinapita zaka zoposa khumi. A Japhet anatupa mimba ndi miyendo, anagona miyezi iwiri, anamwalira. Tinawaika, tinameta, ndinabwerera ku makina anga.

Tsiku lina la msika, dzuwa lili pamutu, ndinatukula maso n'kuona Habiba ataima kutsogolo kwa khonde langa, atavala zakuda. Sanadikire kuti ndimulonjere. Anakhala pabenchi ya makasitomala.

"Alamu, imitsani makinawo. Ndasunga mawu nthawi yaitali, andilemera."

Ndinaimitsa.

"Lamlungu lomaliza limene munakumana ndi Sadiki ku Rivirivi, achimwene anu anakutsatirani. Ankaganiza kuti mukukakumana ndi ine. Anabisala m'bango. Anakuonani."

Sizasi inagwa m'manja mwanga.

"Sanabwere kwa inu, anabwera kwa ine. Anati Sadiki akamupereka kupolisi akaolere kundende, ndipo za inu adzanena kuti munadyetsedwa mankhwala. Anatinso ngati sindikufuna manyazi, akhoza kungonena kuti Sadiki wanyoza boma, ndiye sitidzaona ndi manda ake omwe. Mukudziwa nokha kuti masiku amenewo mawu awo okha ankakwana."

"Ndiye?"

"Ndinawagwadira. Anati njira ilipo imodzi. Sadiki achoke pa Nkaya, ine ndilowe m'nyumba mwawo."

Anthu ankadutsa ndi mitolo ya nzimbe, wina akuitanira malonda a tomato, koma ine ndinkamva ngati ndili pansi pa madzi.

"Sadiki ankadziwa?"

"Za ukwati, iyayi. Akanadziwa akanawabaya ndi mpeni, n'kukapachikidwa. Ndinangomuuza kuti mwaonedwa. Ndinamuuzanso kuti akakutsanzikani bwino mudzamutsatira, mudzagwidwa nonse. Mawu aja anakuuzani pasiteshoni ndinamuphunzitsa ndine. Anawayeseza kuseri kwa msasa, atamaliza anasanza."

"Zaka zonsezi, bwanji osandiuza?"

"Inu nkhope yanu sibisa kanthu. Mukanatha kukhala pamphasa imodzi ndi achimwene anu mukudziwa? Mukanawayankha tsiku limodzi, iwo n'kukwiya, n'kukanena. Ndinaona kuti bola muzidana ndi ine. Mukandiyang'ana ndi diso loipa lija ndinkadziwa kuti simukudziwa kanthu, ndiye kuti nonse awiri mukadali otetezeka."

Ndinatsika pampando n'kukhala pansi pa simenti, pamapazi ake. Ndinalira pamaso pa msika wonse. Odutsa ankati ndikulirabe maliro a mkulu wanga. Habiba sanandiletse. Anadikira mpaka nditatopa.

"Sindinabwere kuti mulire," anatero. "Sadiki ali moyo. Anabwerako ku Joni ndi chifuwa cha kumigodi, ali kwa Mposa, ndipo akuti sakupeza bwino. Baba anamwalira osandikhululukira. Sadiki naye amati ndinagulitsa chipembedzo chifukwa cha malaya ofiira. Ndikapita ndekha sandimvera. Ndiperekezeni."

7

Tinakwera sitima mpaka ku Liwonde, kenako lole ya ogula nsomba. Tinafika kwa Mposa dzuwa litapendeka. Mwana wina anatilozera nyumba ya udzu yokhala ndi mango pabwalo.

Pansi pa mangowo panakhala bambo woonda akusoka ukonde. Mapewa aja ankasenza miyala anali atatsala mafupa. Ndikanamudutsa pamsewu osamuzindikira. Atatukula mutu anayamba kuona Habiba, n'kutembenuzira nkhope kumbali. Kenako anaona ine. Chingwe chinapulumuka m'zala zake.

Mkazi wake, Asiya, anatuluka n'kutiyalira mkeka, ana awiri akusuzumira kumbuyo kwake. Tinalonjerana mwaulemu ngati alendo wamba.

"Ali uli, Che Lucius?"

"Ndili bwino, kaya inu, Che Sadiki?"

"Tikuyesera." Chifuwa chinamugwira, anatsokomola nthawi yaitali.

Asiya atatenga ndowa kupita kuchitsime ndi ana, Sadiki analankhula kwa ine, osayang'ana mlongo wake.

"Iwe ndakulandira. Koma awa abwera kudzatani? Baba anawaitana mpaka tsiku lomaliza."

"Ndimvere kaye," ndinatero. Ndinamuuza zonse, monga Habiba anandiuzira. Sanandidule. Nditafika pa za ukwati anatseka maso. Nditamaliza anagwira thunthu la mango kuti adzuke, anayenda movutika mpaka pamene panakhala Habiba, n'kugwada.

"Chemwali," anatero.

Habiba, amene sindinamuonepo akulira pasiteshoni, paukwati, ngakhale pamaliro a mwamuna wake, anagwira mutu wa mchimwene wake n'kulira mokweza, akulankhula Chiyao chimene sindinkachimva. Anansi anathamangira pabwalo poganiza kuti wodwala watisiya.

M'mawa mwake ndinatsanzika. Habiba anati atsala, adzatenga ana ake pambuyo. Sadiki anaumirira kundiperekeza kumsewu, ngakhale Asiya ankamuletsa. Tinkayenda pang'ono n'kuima kuti apume.

"Unakwatira?" anandifunsa.

"Iyayi."

"Ine ndinakwatira. Asiya sanandilakwirepo. Amandisambitsa, amandidyetsa. Sindingamuchititse manyazi."

"Sindinabwere kudzalanda kanthu."

"Mawu aja a pasiteshoni..."

"Ndikudziwa tsopano. Asiye."

"Iyayi, undilole ndiwabweze ndi pakamwa panga. Sizinali zachibwana, Lucius. Pansi pa mgodi, thanthwe likamalira pamwamba pathu, anzanga ankatchula akazi awo ndi amayi awo. Ine ndinkatchula iwe, chamumtima."

Anandigwira dzanja, monga amachitira amuna akamaperekezana kwathu kuno, ndipo tinayenda choncho pakati pa mudzi, tikuyankha moni wa anthu. Palibe anadabwa. Lole itafika anandikankha pang'ono kumsana.

"Kwera, angakusiye. Ndipo uzidya, miyendo yakoyi sinasinthe."

Nthawi imeneyi anaima pamsewu akundiyang'ana mpaka fumbi linamubisa.

Sadiki sanafike mvula yotsatira. Uthenga unandipeza mochedwa, ndinafika akunyamuka kupita kumanda. Ine Mkhristu ndinaima kumbuyo, osadziwa ngati n'kololedwa kuyandikira. Kwa Asilamu jeneza, chonyamulira maliro, limayenda pamapewa, amuna akulandirana m'njira monse. Bambo wina amene sindinkamudziwa anandikodola, n'kundipatsa malo ake. Ndinamunyamula Sadiki mtunda waufupi, wina n'kundilandira. Anali wopepuka kwambiri.

8

Owerenga anzanga, ndikudziwa kuti ena mwa inu mwakwinya nkhope chiyambireni nkhaniyi. Sindikukupemphani kuti mundiombere m'manja. Ndakalamba, zonena za anthu zinasiya kundilanda tulo. Tinali anyamata awiri amene tinakondana. Sitinabe, sitinapweteke munthu. Koma wina anakameza fumbi la kumigodi, wina anakalambira pakhonde la sitolo, ndipo mtsikana wosalakwa anataya bambo ake, chipembedzo chake ndi utsikana wake kuti ife tisafe. Ngati m'nyumba mwanu muli mwana amene mukumuona kuti ndi wosiyana ndi anzake, musanatukule mawu kapena ndodo, dzifunseni kuti adzavulale ndi angati.

Habiba akadali moyo kwa Mposa. Anabwerera kumzikiti, ana ake anakula, maso ndiwo akumuvuta. Ndisanatumize nkhaniyi kuti ikasindikizidwe, ndinapita kukamuwerengera, kuti ngati sakufuna ndiing'ambe. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamiyendo.

"Tumizani," anatero. "Koma mwachulutsa za ine, alamu. Mwaiwala kulemba kuti Sadiki ankaimba bwino."

Ndiye ndalemba. Ankaimba bwino kwambiri.